Phunziro la Mbiri ndi Jogalafe: Nkhotakota ndi Mpunga Wake

Ophunzira ambiri amadziwa kuti Nkhotakota ndi kwawo kwa mpunga, koma ochepa amadziwa chifukwa chake. Yankho lili m'kakhalidwe ka dziko la m'bomali komanso m'mbiri yake.

Malo ake

Boma la Nkhotakota lili m'chigawo chapakati, m'mbali mwa nyanja ya Malawi. Limachita malire ndi Nkhata Bay, Mzimba, Kasungu, Ntchisi ndi Salima. Kumadzulo kuli mapiri ndi nkhalango yosungirako nyama. Mitsinje ya Dwangwa, Bua ndi Kaombe imatsika kuchokera kumtundaku n'kufika m'chigwa chotentha cha kunyanja, kumene madambo amasunga madzi nthawi yaitali mvula ikagwa. Mpunga umafuna zimenezi. Pamalo a mchenga alimi amabzala chinangwa cha kondowole, pomwe ku Dwangwa kuli minda ya nzimbe.

Kubwera kwa Jumbe

Achewa ndiwo adali eni dera, pansi pa mafumu monga Malengachanzi. Cha m'ma 1840 kudafika wamalonda wa Chiswahili, Salim bin Abdallah, amene timamudziwa kuti Jumbe. Adakhazikika pano chifukwa mchenga wa Sungu umatchinga mafunde, motero zombo za matanga zimakocheza bwino. A Jumbe adalimbikitsa ulimi wa mpunga kuti udyetse anthu awo ndi apaulendo, ndipo m'nthawi yawo Chisilamu chidazika mizu m'derali.

Mbiri yowawa

Zombo zomwezo zinkaolotsa minyanga ya njovu ndi akapolo. Atafika tsidya lina, anthuwa ankayendetsedwa pansi mpaka ku Kilwa, ndipo ambiri ankafera m'njira. David Livingstone adafika kuno m'zaka za m'ma 1860 nakambirana ndi Jumbe za malondawa, koma adapitirira mpaka m'ma 1890 pamene Angerezi adathetsa ulamuliro wa a Jumbe.

Ife Asilamu tisaibise mbali imeneyi. Anthu ogulitsidwawo adali ana a eni ake, ndipo wophunzira woona mtima amanena zonse: mpunga, chipembedzo ndi ukapolo zidadutsa padooko limodzi.

Ntchito ya kunyumba

1. Jambulani mapu a Nkhotakota, muonetse mitsinje itatu ija.
2. Fotokozani chifukwa chake mpunga umachita bwino m'dambo pomwe chinangwa chimapirira pamchenga.
3. Funsani agogo kapena a Shehe kumzikiti kwanu zimene adamva zokhudza a Jumbe, mulembe ndime imodzi. Makolo, chonde athandizeni anawa.