Mluza umadziwa bwanji kumutu ndi kumchira: zoyenera ndi zosayenera

Phunziroli lagwetsa ambiri othamangira kuloweza mayina a mapuloteni. Nzeru uli nazo, mphwanga, ungotchera khutu.

Zoyenera

- Yamba ndi mlingo: puloteni imachuluka pomwe ikupangidwa n'kumachepa ikamafika patali, ngati fungo la usipa wokazinga, ndipo selo imazindikira pomwe ili poyesa kuchuluka kwake.
- Gwira nkhani ya 1924: Hans Spemann ndi Hilde Mangold anachotsa kachidutswa kumsana kwa mluza wa newt n'kukaika kumimba kwa wina, ndipo kunamera msana wachiwiri.
- Jambula chubu cha mitsempha: Sonic hedgehog amachokera mmunsi, ku notochord, BMP amachokera pamwamba, ndipo pakatipo selo iliyonse imalandira gawo lake.
- Ika Wnt, FGF ndi retinoic acid chakumchira, poti n'komwe zimachuluka.
- Werenga majini a Hox motsatana: mwa munthu alipo 39 m'magulu 4, ndipo mndandanda wawo pa kromozomu ndi womwewo wa kumutu mpaka kumchira.
- Lemekeza chule wakuno kummwera kwa Africa, Xenopus laevis, chifukwa mazira ake aulula zambiri mwa izi.

Zosayenera

- Usamati puloteni imodzi ili ndi uthenga umodzi. Sonic hedgehog yemweyo, wambiri ndi wochepa, amatulutsa maselo a mitsempha osiyana.
- Usayese kachidutswa ka Mangold kamalamula poyankhula. Ntchito yake yaikulu n'kutseka BMP pakamwa kudzera mwa Chordin ndi Noggin. Apa ndiye pamaterera ngakhale akatswiri a m'kalasi.
- Usaiwale nthawi. Selo imawerenganso utali wa nthawi yomwe yakhala ikulandira uthengawo.
- Usasiye mutu pambalambanda. Popanda Cerberus ndi Dickkopf zotchinga Wnt, mutu supangika bwino.
- Usatibweretsere Bicoid pano. Ameneyo ndi wa ntchentche ya Drosophila, ife tikukamba zamsana.
- Usaiwale kumanzere ndi kumanja; Nodal akasochera mbali, mtima ukhoza kupezeka kumanja.
- Usatenge fanizo la Lewis Wolpert la mbendera ya France ngati chithunzi cha mluza weniweni. Malire m'thupi sayamba owongoka choncho, maselo amachita kuwakonza pambuyo pake.
- Usamaone ngati ndi zongolembera mayeso: ku Idaho m'zaka za m'ma 1950, nkhosa zabere zodya chomera cha Veratrum californicum zinkaswa ana a diso limodzi, chifukwa cyclopamine wa m'chomeracho amatseka njira ya Sonic hedgehog.