KUPHUNZIRA GULE KWA KAPICHILA

Dziko la Mfumu Kapichila liri m'boma la Lundazi, kum'mawa kwa Zambia, kufupi ndi malire a Malawi. M'boma limeneli mukhala Atumbuka, Acewa ndi Angoni, ndipo mtundu uli wonse uli ndi magule ace. Pa dzinja anthu atanganidwa ndi khasu, koma cimanga cikalowa m'nkhokwe ng'oma ziyamba kumveka madzulo m'midzi. Gule wochuka m'dera lonselo ndiye mganda, umene Atumbuka auchula muganda.

Mganda suli gule wa makolo akale-kale ai. Pa nkhondo yaikuru ya 1914 kufikira 1918 amuna ambiri a maiko ano anatengedwa, ena kukakhala asilikari a King's African Rifles, ena kukasenza akatundu. Nkhondoyo anakamenyana ndi Ajeremani ku East Africa. Kumeneko anaona perete, anaona asilikari alikuyenda m'mizere potsata ng'oma ndi malipenga. Atabwerera kwao anatsanzira zimene anaonazo, nazisandutsa masewera. Motero magule apacibale anafala m'maiko ambiri: malipenga mwa Atonga a ku Nkhata Bay, beni mwa Ayao, kalela ku migodi ya ku Copperbelt, ndi mganda mwa Atumbuka ndi Acewa.

Gulu la obvina mganda lichedwa boma. Liri ndi mfumu yace, yochedwa kingi, ndi akuru ena okhala ndi maina a usilikari. Obvina abvala malaya ndi akabudula oyera, naima m'mizere. Malipenga ao apanga ndi zipanda. Pa kabowo ka cipanda amata kansalu koyera kamene kangaude aikiramo mazira ace, ndipo munthu akayimbira m'cipandamo, kansaluko kanjenjemera, mau namveka ngati a lipenga.

Palibe munthu wobadwa ali wodziwa kubvina. Mnyamata wofuna kuphunzira aimikidwa mu mzere wa pambuyo, napenyetsetsa mapazi a mnzace wa patsogolo. Poyamba aphunzira kuponda pamodzi ndi ng'oma. Mapazi akazolowera, aphunzira kuyendetsa manja ndi kutembenuka. Nyimbo ndi lipenga zidza pambuyo pace. Mphunzitsi wanzeru sapatsa wophunzira zonsezi tsiku limodzi, pakuti wosenza zambiri nthawi imodzi agwetsa zonse.

Apa ndi pamene boma likula kapena kufa. Wophunzira alakwa kawiri-kawiri: anzace atembenukira ku dzanja lamanja, iye atembenukira kumanzere. Anzacewo akamseka, mnyamatayo acita manyazi, ndipo mawa sabweranso. Wina amene anali kuonerera, ali ndi mtima wofuna kulowa, aopa nakhala kutali. Zikapita zaka zowerengeka, odziwa aja akalamba, ena apita ku nchito ku Chipata kapena ku Lusaka, ndipo mudzi utsala wopanda gule. Koma kumene wodziwa aima pambali pa wosadziwa, nabwereza naye kufikira atakhoza, mizere icuruka caka ndi caka. Akuru anati, gule ndi wa ali yense, kulakwa n'kuthyola mwendo.

Ndiponso gule ali ndi nchito zambiri koposa kubvina kokha. Munthu wopunduka mwendo sangathe kulumpha mu mzere, koma manja ace angayimbe ng'oma, ndipo popanda ng'oma palibe phazi limene lingasunthe. Wakhungu angatsogolere nyimbo. Nkhalamba zisema ng'oma ndi kukonza zipanda. Mwana wamasiye wopanda kabudula woyera abwerekedwa ndi mnzace. Boma lina likadza kudzapikisana, eni mudzi aphika nsima, napatsa alendo madzi ndi pogona. Amai aliza nthungululu ndi kufupa obvina bwino, osasankha wa kwao kapena mlendo.

Akazi ali nao magule ao, monga ciwoda ndi citelele. Iwo aima mozungulira, naomba m'manja. M'citelele atsikana alowa pakati awiri awiri, ndipo akatha aturuka kuti ena alowe. Mtsikana waulemu sasankha mnzace wa pamtima yekha nthawi zonse. Atenganso mlendo, ndi wamng'ono amene aima kumbuyo mwamanyazi, kuti bwalo lonse lilawe gule.

Kulinso magule amene mwamuna ndi mkazi abvina pamodzi. Pa zaka za m'ma 1950 anthu ogwira nchito ku migodi ndi m'matauni anakonda dansi wa Azungu, namabvina m'maholo atabvala bwino. Atonga a ku Nkhata Bay ali ndi honala, gule wa awiri awiri wotsata akodiyoni. M'magule otere munthu sabvina yekha, cifukwa cace ayenera kusamala mnzace koposa kudzisamala mwini. Mwamuna apempha mwaulemu, ndipo mkazi akakana samkakamiza. Wotsogolera sakoka mnzace ngati mbuzi ya pa cingwe, koma acepetsa mapazi ace kuti afanane ndi a mnzaceyo. Wopondetsa mnzace apepesa, ndipo nyimbo ikatha onse awiri athokozana.

Tsono wobvina wabwino sadziwika ndi kulumpha kwace kokha ai. Adziwika ndi anthu amene iye anawaphunzitsa, ndi amanyazi amene anawalowetsa m'bwalo. Mwana wa sukulu amene adziwa gule wina ali nco cimene angapatse mnzace, ngakhale alibe kobiri m'thumba.

MAFUNSO

1. Kodi dziko la Mfumu Kapichila liri m'boma liti?
2. Fotokozani ciyambi ca mganda. Chulani magule atatu apacibale ndi mganda.
3. Kodi malipenga a mganda apangidwa bwanji?
4. Kodi wophunzira ayamba ndi ciani, natsiriza ndi ciani?
5. Cimene cicitika ku mudzi kumene ophunzira asekedwa n'ciani?
6. Chulani nchito zitatu zimene munthu wosatha kubvina angagwire pa gule.
7. Lembani mizere isanu yofotokoza gule wa kwanu, ndi m'mene ana aphunzirira gule ameneyo.