Kasankhidwe ka Ndodo Yowedzera Imodzi Yokwanira Madamu, Mitsinje ndi Nyanja

Ndodo yowedzera ya mtundu wa spinning ndi ija imakhala ndi timphete tondondozana kunsi kwake, ndipo chokulungira chingwe, chimene asodzi amachitcha reel, chimalendewera pansi pa chogwirira. Imasiyana ndi nsungwi yomangirira mbedza chifukwa imaponya nyambo kutali, kenako msodzi amaikoka pang'onopang'ono kuti izioneka ngati kansomba kamoyo. Makampani ambiri amapanga ndodozi poganizira bass, nsomba ya ku North America imene kuno ku Malawi inaikidwa m'madamu owerengeka, monga a paphiri la Zomba. Kwa msodzi wa ku Mzuzu, nsomba ya khalidwe lofanana nayo ndi sungwa: ili ndi kamwa lalikulu, imabisala m'mabango ndi m'zitsa, ndipo imadya nsomba zinzake. Choncho ndodo yopangidwira bass imagwira bwino ntchito kumpoto kuno, bola isankhidwe mwadongosolo.

1. Kuyamba ndi madzi ndi nsomba zake

Wogula asanafunse mtengo, adziwe kumene azikawedza. Madzi amene munthu wa ku Mzuzu angafike mosavuta ndi amitundu itatu. Pali madamu, monga la Luwawa m'nkhalango ya Viphya, kumene anthu amawedza sungwa. Pali nyanja, ku Nkhata Bay, mtunda wa makilomita pafupifupi 50 pamsewu wa M5, ndi ku Chintheche, kumene kuli mcheni ndi kampango. Palinso mitsinje yothira m'nyanja, monga Luweya, imene mpasa ndi sanjika zimakwera pokaswana. Nsomba zambiri zogwidwa ndi nyambo yochita kupanga m'malo amenewa sizipitirira makilogalamu 3. Kulemera kumeneku ndiko kumalamula zonse zotsatira. Ndodo yaikulu ya kunyanja zamchere ndi yongotopetsa dzanja pano, pomwe yopyapyala kwambiri imalephera kutulutsa sungwa m'mabango.

2. Kutalika

Ndodo yogwira ntchito zambiri imakhala ya pakati pa mamita 1.98 ndi 2.13. Pandodo pamalembedwa 6'6" kapena 7'0", kutanthauza mafiti ndi mainchi. Yaitali imaponya kutali, zomwe zimathandiza woima pamchenga kapena pamiyala ya m'mbali mwa nyanja. Yaifupi imaponya molunjika ndipo sikola nthambi m'mphepete mwa mtsinje wa mitengo yambiri. Ndi yosavutanso m'bwato. Amene aziwedza kwambiri kudamu ndi kunyanja atenge ya mamita 2.13. Ndodo zopitirira mamita 2.7 ndi za kuika nyambo pansi n'kukhala kudikira, osati zoponyaponya tsiku lonse.

3. Kuwerenga zolembedwa pamwamba pa chogwirira

Ndodo yabwino iliyonse imakhala ndi timalemba ting'onoting'ono pamwamba pa chogwirira, ndipo timeneti n'todalirika kuposa mawu a wogulitsa. Timanena zinthu zinayi.

Choyamba ndi mphamvu ya ndodo: L ndi yopepuka, ML ndi yopepukirapo, M ndi yapakati, MH ndi yolimbirapo, H ndi yolimba kwambiri. Ya ntchito zambiri ndi M.

Chachiwiri ndi kapindikidwe. Ndodo yolembedwa Fast imapindika chakunsonga kokha, gawo limodzi mwa magawo atatu kapena anayi a utali wake, pomwe thunthu limakhala lolimba. Yolembedwa Slow imapindika yonse mpaka kuchogwirira. Ya Fast imachititsa kuti dzanja limve msanga nsomba ikagunda nyambo, ndipo mbedza imalowa bwino m'kamwa molimba. Ya Moderate Fast ndi yabwinonso, makamaka kwa wophunzira, chifukwa imafewetsa kugwedeza kwa nsomba ndipo chingwe sichiduka msanga.

Chachitatu ndi kulemera kwa nyambo imene ndodoyo ingaponye. Malire oyenera ndi magalamu 7 mpaka 21, amene ndodo zina zimalemba kuti 1/4–3/4 oz. M'malire amenewa mumalowa nyambo zachitsulo zonyezimira, tinsomba tapulasitiki, komanso nyongolotsi yomangidwa pamodzi ndi kamtovu.

Chachinayi ndi mphamvu ya chingwe, yomwe iyenera kukhala 6–12 lb kapena 8–14 lb, ndiye kuti makilogalamu pafupifupi 3 mpaka 6. Ndodo yopanda zolembedwa zimenezi ndi yongoganizira, ndipo ndi bwino kuisiya ngakhale itatsika mtengo chotani.

4. Chimene ndodoyo inapangidwira

Ndodo za fiberglass n'zotsika mtengo ndipo zimapirira kugwa ndi kupanikizidwa, koma n'zolemera ndipo kugunda kwa nsomba kumafika m'dzanja mozimiririka. Za graphite, zimene ena amalemba carbon, n'zopepuka ndipo zimamveketsa chilichonse chimene nyambo yakhudza pansi, koma zikagundidwa pamwala zimakhala ndi mng'alu wosaoneka umene umadzathyoka nsomba ikakoka. Pakati pake pali zosakaniza ziwirizi, zolembedwa composite. Chitsanzo chodziwika padziko lonse ndi Ugly Stik, imene kampani ya Shakespeare inayamba kugulitsa mu 1976. Kwa munthu amene ndodo yake idzayenda m'minibasi ya ku Nkhata Bay, pakati pa matumba a chinangwa ndi zidebe, yosakaniza ndiyo yanzeru. Kumene kulibe wokonza ndodo, kulimba kumaposa kupepuka.

5. Zidutswa zingati

Ndodo ya chidutswa chimodzi ndi yabwino m'manja koma yovuta paulendo. Mamita awiri salowa m'galimoto yodzaza, ndipo pakabaza nsonga imakhala pangozi. Ya zidutswa ziwiri imakhala ya pafupifupi mita imodzi ikagawidwa, ndipo polumikizira pakakhala pothina, kusiyana kwake ndi ya chidutswa chimodzi n'kochepa. Ndodo zolowetsana ngati mlongoti wa wailesi zimakopa chifukwa zimalowa m'chikwama ndipo nthawi zambiri ndizo zotsikitsitsa mtengo. Vuto lake n'lakuti polumikizira paliponse ndi pofooka, mchenga ukalowa zimakanirira, ndipo timphete timapotoka n'kusiya mzere.

6. Kuyesa ndodo isanalipiridwe

Apa ndi pamene ndodo yotsika mtengo yabwino imasiyana ndi yachabechabe, ndipo kuyesako sikutenga nthawi.

Wogula alumikize zidutswa, aike diso kuchogwirira n'kuyang'ana mpaka kunsonga. Timphete tonse tikhale pamzere umodzi ndipo ndodo isakhote. Pa ndodo ya mamita awiri payenera kukhala timphete 6 kapena kuposa, kuwerengera ndi ka kunsonga. Tikachepa, chingwe chimakoka ndodo mokhotakhota ndipo mphamvu imaunjikana malo amodzi.

Kenako atenge kathonje n'kukazunguliza m'kati mwa kamphete kalikonse. M'katimo mumakhala kabwalo kosalala ka ceramic. Thonje likakodwa n'kusiya ulusi, pali mng'alu, ndipo mng'alu womwewo ndi umene udzadye chingwe mpaka kuchidula nsomba ili pafupi ndi gombe. Ka kunsonga ndiko kofunika kuposa tonse. Ulusi womanga timphete ukhale wokutidwa bwino ndi utomoni wake, wopanda ming'alu kapena dzimbiri.

Pomangira reel payesedwe ndi reel yeniyeni. Ikamangidwa n'kugwedezedwa, isasewere. Pomaliza, nsonga igunditsidwe pang'ono padenga kapena pakhoma losalala kuti aone pamene ndodo ikupindikira, kenako aigwedeze m'mwamba. Phokoso lililonse logogoda kapena lothetheka likusonyeza kuti polumikizira n'polobodoka kapena m'kati muli chothyoka.

Mayeso omwewa ndi ofunika kwambiri pa ndodo yakaunjika kapena yotumizidwa ndi wachibale wa ku Joni. Wotuma wachibale amulembere manambala enieni, monga 7'0", M, Fast, 7–21 g, zidutswa ziwiri, m'malo mongoti "ndodo yabwino".

7. Reel ndi chingwe

Ndodo yotere imayenda ndi reel ya saizi 2500 kapena 3000. Ikamangidwa, ndodo iikidwe pa chala chimodzi kutsogolo pang'ono kwa reel; ikakhazikika osagwera kunsonga, dzanja silidzatopa. Reel iyenera kuzungulira mosalala, ndipo chomangira cha pamwamba pake chikamasulidwa, chingwe chizituluka mofanana, osati modumphadumpha. Chingwe cha nayiloni cha mamilimita 0.25 mpaka 0.30 n'chokwanira, n'chosavuta kumanga mfundo, ndipo chimapirira miyala. Chingwe cholukidwa chimaponya kutali koma n'chodula ndipo chimapala timphete totsika mtengo.

8. Kagawidwe ka ndalama

Makampani monga Shimano, Daiwa ndi Okuma ali ndi ndodo za mtengo wotsika zodalirika, koma dzina lokha si umboni, chifukwa katundu wachinyengo amalembedwanso maina omwewo. Ndodo ndi reel zogulitsidwa pamodzi zimatsika mtengo kuposa kugula payekhapayekha, ngakhale kuti kawirikawiri chingwe chimene chimabwera m'menemo n'chofooka ndipo chimafunika kusinthidwa. Ndalama zikachepa, zambiri zipite ku reel, popeza ndiyo ili ndi ziwalo zoyenda ndipo ndiyo imayamba kufa. Zina zisungidwire chingwe, mbedza ndi nyambo ziwiri kapena zitatu.

9. Kusamala ndodo, moyo ndi lamulo

Ndodo zambiri zimathyoka pachitseko cha galimoto kapena ponyamula nsomba m'mwamba ndi nsonga, osati pokoka. Paulendo, paipi ya pulasitiki yotsekedwa mbali zonse imateteza bwino. Pobwera kowedza, timphete tipukutidwe ndipo ndodo iumitsidwe, chifukwa chinyezi cha ku Mzuzu chimabweretsa dzimbiri msanga. Graphite imadutsitsa magetsi: kukayamba kung'anima ndodo igonekedwe pansi, ndipo isaimikidwe pafupi ndi mawaya a ESCOM. Kumathiriro a mitsinje kuli ng'ona, kotero msodzi asaime m'madzi.

Usodzi m'Malawi umayendetsedwa ndi lamulo losamalira nsomba, ndipo za chilolezo ndi nyengo zotseka zimafunsidwa ku ofesi ya Fisheries ya m'boma. Madamu a m'nkhalango ndi a ku Chelinda pa Nyika ali ndi malamulo awoawo, ndipo mpasa wokwera mtsinje kukaswana ndi woyenera kubwezedwa m'madzi.

Ndodo ya mamita 2.13, ya mphamvu ya M, yopindika chakunsonga, ya zidutswa ziwiri ndi timphete tosalala, pamodzi ndi reel ya 2500, imakwanira sungwa wa ku Luwawa, mcheni wa ku Nkhata Bay ndi bass wa ku Zomba. Ndodo yachiwiri imafunika pokhapo msodzi akasankha nsomba imodzi yoti aziitsata mwapadera.