Malamulo a Ntchito: GPS M'galimoto ya Abwana

Woulutsa: Tilowe m'makalata. Yoyamba yachokera kwa dalaivala wa ku Shikoswe. Akuti, "Abwana anaika GPS m'lole yomwe ndimayendetsa osandipempha. Kodi lamulo likulola?"

Loya: Zikomo, bambo a ku Shikoswe. Loleyo ndi ya kampani, ndipo mwini ali ndi ufulu wodziwa kumene katundu wake ali. Lamulo la Data Protection Act la 2021 silinena kuti nthawi zonse azikupemphani. Kampani ikhoza kutsamira pa mgwirizano wa ntchito, kapena pa chifukwa chomveka monga kuteteza katundu kwa akuba. Chomwe sangachite ndi kukubisirani. Malinga ndi lamulolo, kumene munthu ali ndi nkhani yake ya iye mwini, choncho akuuzeni kuti chipangizo chilipo, n'cha ntchito yanji, ndipo amaona ndani.

Woulutsa: Wina amayendetsa basi ya Lusaka mpaka Livingstone. Akufunsa ngati angakane.

Loya: Ayi, bambo, apa palibe kukana. Pa mabasi a maulendo ataliatali GPS ndi lamulo, ndipo a bungwe loona za pamsewu la RTSA amaona liwiro lanu. Amene munatsikapo mapiri a Munali muli m'basi yodzaza mukudziwa chifukwa chake. Tipitirire.

Woulutsa: Iyi alemba ndi mayi a ku Kafue Estates. Amuna awo amaloledwa kugona ndi galimoto ya kuntchito. Lolemba lina abwana ananena pamaso pa anzawo kuti Lamlungu galimotoyo inakhalitsa pa bala ina. Bambowo, mtima utawapweteka, anadula waya wa GPS, ndipo ntchito yatha.

Loya: Ha! Amayi, pepani, koma apa ndiimapo pang'ono. Abwanawo analakwa. Ngati munthu mwamulola kuyendera galimoto pa zake Loweruka ndi Lamlungu, kumene wapita nthawi imeneyo si nkhani yokambira pabwalo. Gawo 17 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza chinsinsi cha munthu. Komanso lamulo la 2021 lija limati zimene mwasonkhanitsa pa chifukwa chimodzi musazigwiritse pa china. Abwana, munati GPS ndi yoletsa kuba dizilo. Nanga za kumene munthu amamwera zabwera bwanji?

Koma bambo, waya uja munaudulira chiyani? Ndimanena sabata ili yonse: musakhudze waya! Mlandu unali m'manja mwanu, mwaupereka nokha kwa abwana. Tsopano palibe akukamba za Lamlungu lija, aliyense akukamba za kuwononga katundu wa kampani.

Ndimakumbukira mnyamata wina wonyamula simenti, amene anadza kwa ine atachotsedwa ntchito. Amati anaima maola ambiri pa mphambano ya Turnpike popanda chifukwa, pomwe iye anali kudikira makanika. Ndinamufunsa za kalata yake ya ntchito. Anati, "Ili ku ofesi." Nanga zimene munasainira zokhudza galimoto? Anati, "Anangoti sainani apa." Abale anga, safunsa anadya phula. Mapepala ambiri a masiku ano ali ndi kamzere kakuti mwavomera kulondoledwa, ndipo mumasaina mutaimirira, maso ali pa makiyi. Khalani pansi, werengani, pemphani kope lanu, mukalisunge kunyumba pamodzi ndi chiphaso chanu cha NRC.

Nanunso abwana, mukundimva. Kamakina kamangoonetsa kuti galimoto yaima. Sikanena kuti pa sikelo ya malole pano pa Kafue panali mzere, kapena kuti tayala linaphulika m'mapiri a ku Chirundu. Employment Code Act ya 2019 imafuna chifukwa chenicheni chochotsera munthu ntchito, komanso kuti ayambe wamvedwa. Mapu a pa foni yanu si khothi. Ngakhale ku Ulaya, mu 2022, pamene khothi la ufulu wa anthu linagwirizana ndi makhothi a ku Portugal omwe anakomera kampani ina pa nkhani ya GPS, mfundo yaikulu inali yakuti wantchitoyo anauzidwa. Lembani ndondomeko, muiwerenge pamodzi ndi madalaivala anu m'chinenero chimene amamva, ndipo za nthawi yoweruka musaziyang'ane.

Woulutsa: Nanga mayi aja achite chiyani?

Loya: Amuna awo atenge kalata yowachotsa ntchito apite nayo ku ofesi ya Labour. Ngati sanapatsidwe mpata wodziteteza, nkhani ilipo, ngakhale waya anadula. Za Lamlungu lija akadandaule kwa Data Protection Commissioner ku Lusaka. Asachedwe, chifukwa ku khothi la milandu ya ntchito dandaulo limafunika kufika pasanathe masiku 90. Ambiri amabwera kwa ine chaka chitatha, ati amadikira kuti mtima wa abwana ukhale pansi. Musadikire, amayi, anyamuke mawa lomwe.

Woulutsa: Nthawi yatithera. Makalata otsala tidzawerenga sabata yamawa.