Mfuti za ku Cape Town zimachokera kuti? Mafunso ndi mayankho

Kodi lamulo lingachepetse kuwomberana, poti chigawenga sichimvera lamulo?

Dziko la South Africa linayesa kale, ndipo zinatheka. Mu 2000 Nyumba ya Malamulo, yomwe ili pakati pa mzinda wa Cape Town, inavomereza lamulo la Firearms Control Act, lomwe linayamba kugwira ntchito pang'onopang'ono mpaka linakhazikika lonse mu Julaye 2004. Lamuloli limafuna kuti wopempha mfuti akhale wa zaka 21 kapena kuposerapo, ayambe wapeza chiphaso chosonyeza kuti ndi woyenera, ndipo ngati akufuna yodzitetezera apatsidwe imodzi yokha, layisensi yake izikonzedwanso zaka zisanu zilizonse. Richard Matzopoulos ndi anzake atafufuza mabuku a m'nyumba zachisoni za mizinda isanu, Cape Town ili momwemo, anapeza kuti pakati pa 2001 ndi 2005 imfa za mfuti zinkatsika ndi 13.6 pa 100 iliyonse pa chaka, mofulumira kuposa imfa za mipeni ndi zibonga. Chifukwa chake n'chosavuta kumva. Mfuti zambiri zimene zili ndi zigawenga zinayamba zakhala m'manja ovomerezeka, a munthu wamba, a kampani ya alonda kapena a boma. Lamulo likatseka njira yoti mfuti ichoke m'manja amenewo, chigawenga chimavutika kuipeza, ngakhale chisawerenge ndime imodzi ya lamulolo.

Nanga n'chifukwa chiyani kuphana kunakweranso?

Apa mpamene pagona nkhani. Wapolisi wina wamkulu wa ku Gauteng, Colonel Christiaan Prinsloo, amene ankasunga mfuti zolandidwa ndi zobwezedwa zoyenera kuwonongedwa, ankazigulitsa mwamseri, ndipo zinkathera kwa magulu a zigawenga a ku Cape Flats, dera la mu Cape Town. Mu 2016 anavomera mlandu nagamulidwa zaka 18. Mfutizo zinali pafupifupi 2,400. Apolisi awiri a ku Western Cape, Jeremy Vearey ndi Peter Jacobs, amene anatsogolera kafukufuku wotchedwa Project Impi, analondola zipolopolo za mfuti zimenezi mpaka ku imfa zoposa 1,000, ndipo ena mwa ophedwawo anali ana. Tangoganizani munthu amene anamvera pempho la boma, n'kunyamula mfuti yake kukaipereka ku polisi, n'kusainira m'buku, mfuti yomweyo n'kudzalira usiku ku Manenberg nambala yake itapalidwa. Chowawa kwambiri n'chakuti Vearey ndi Jacobs anachotsedwa pa maudindo awo mu 2016 ntchito isanathe, ndipo anachita kupita kukhoti kuti awabwezere. Pa 18 Sepitembala 2020, Lieutenant Colonel Charl Kinnear, amene ankafufuza za malayisensi a mfuti operekedwa mwachinyengo, anawomberedwa ali m'galimoto pakhomo pa nyumba yake ku Bishop Lavis. Ine ndikuona kuti lamulo silinalephere. Amene analephera ndi alonda ake. Nkhokwe ikabooka pansi, kuwonjezera maloko pachitseko sikupulumutsa chimanga.

Bwanji osangotumiza asilikali?

Anatumizidwa ku Cape Flats mu Julaye 2019, ndipo anthu otopa ndi maliro anawalandira ndi chiyembekezo. Koma msilikali safufuza mlandu, sakaima m'khoti kutsatira komwe mfuti inachokera, ndipo nthawi yake ikakwana amabwerera ku balaki. Nazonso makina omva kulira kwa mfuti otchedwa ShotSpotter, amene khonsolo ya mzindawu inaika ku Hanover Park, amathandiza apolisi kufika msanga, koma amalankhula chipolopolo chitatuluka kale.

Ngati apolisi sadalirika, kodi si bwino munthu akhale ndi mfuti yake?

Funso ili siloyenera kulipeputsa. Wogwira ntchito m'malesitilanti a mu Long Street, kaya ndi mwini dziko kaya ndi Mmalawi wobwera kudzasaka maganyu ku Joni, amaweruka usiku n'kukwera takisi yopita ku Philippi kapena ku Delft, kumene mantha ake ndi enieni. N'chifukwa chake boma litatulutsa bilu ya 2021 yofuna kuchotsa kudziteteza pa zifukwa zopezera layisensi, anthu ambiri anakwiya, ndipo mkwiyowo unali ndi maziko: boma limene mfuti zake zimasowa lilibe nkhope youzira nzika kuti zitule zawo. Komabe mfuti za anthu wamba nazo zimabedwa kapena kutayika masauzande chaka chilichonse, ndipo imene ili m'nyumba imakhala pafupi pa nthawi ya mkangano wa m'banja kapena mowa ukachuluka. Kuchulukitsa mfuti n'kuchulukitsanso zoti zibedwe.

Ndiye boma liyambire pati?

Liyambire m'nyumba mwake. Kaundula wa mfuti, Central Firearms Registry, akonzedwe kuti mfuti iliyonse idziwike ili ndi ndani. Zolandidwa ziyesedwe, zilembedwe ndi kuwonongedwa msanga pamaso pa mboni zosakhala apolisi. Wapolisi wotaya mfuti ayankhe mlandu, ndipo wofufuza ngati Kinnear atetezedwe. Mu Meyi 2023 bungwe la Gun Free South Africa linayamba mlandu m'malo mwa mabanja ovulazidwa ndi mfuti za Prinsloo, ku khoti lalikulu la Western Cape mu Keerom Street, kufuna kuti apolisi alipire chipukuta misozi chifukwa cha kunyalanyaza kwawo.