NKHOSA YA MCIRA WAMAFUTA ISATAYIKE

Ku dziko la Kenya kuli Amasai, anthu amene cuma cao ndi ziweto. Kuyambira kale iwo aweta nkhosa yofiira ya mcira wamafuta, imene ichedwa Red Maasai. Zimene zinaoneka pa nkhosa imeneyi ndi phunziro kwa mlimi ali yense wa muno m'Zambia amene ali ndi nkhosa za makolo m'khola mwace.

Kubwera kwa Dorper

Nkhosa ya Dorper inapangidwa ku South Africa m'zaka za m'ma 1930 pophatikiza mitundu iwiri, Dorset Horn ndi Blackhead Persian. Ikula msanga, ndipo ogula nyama aikonda. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 alimi ambiri a ku Kenya anaika nkhosa zamphongo za Dorper m'magulu ao, ndipo sanalembe kuti iyi yabadwa kwa iti. Motero nkhosa yofiira yeniyeni inayamba kusowa.

Pambuyo pace akatswiri a bungwe la ILRI, limene likulu lace lili ku Nairobi, anayesa mitundu iwiriyi pa msipu umodzi. Anapeza kuti yofiira ipirira njoka za m'mimba kupambana Dorper. Njoka zimenezi zikhala m'cifu ndi kuyamwa magazi, ndipo yaikazi imodzi iikira mazira zikwi zingapo pa tsiku. Tsono m'caka ca 2009 cilala cacikuru cinagwa ku dera la Kajiado, ziweto zambiri zinafa, ndipo abusa anaona kuti nkhosa zofiira zinalimba koposa zacilendo. Amene anafuna kubwerera ku mtundu wakale anavutika kuupeza.

Phunziro kwa alimi a kuno

Nkhosa za m'midzi ya kum'mawa ndi za ku cigwa ca Gwembe zilinso ndi mcira wamafuta. Mcira umenewo ndiyo nkhokwe ya nkhosa: isunga mafuta pa nyengo ya msipu, niwagwiritsa nchito m'malimwe. M'caka ca 2024 mvula inakana kotero kuti pa 29 February Mtsogoleri Hakainde Hichilema analengeza kuti cilala ndi tsoka la dziko lonse. Pa caka cotere ciweto codziwa kupirira ciposa ciweto cacikuru thupi.

Dorper si nkhosa yoipa. Ipindulitsa mlimi amene ali ndi msipu wochinga, madzi, ndi ndalama za mankhwala. Koma wopanda zimenezi aganize bwino asanataye mbeu ya makolo ace, pakuti mtundu ukasakanizika kwa mibadwo ingapo subwereranso.

Zoyenera kucita

1. Mlimi asankhe yamphongo yobadwa kwa make amene abala caka ndi caka, ndi kulera ana osadwala. Zamphongo zina azithene kapena azigulitse.

2. Yamphongo isakwere ana ace. Nkhosa ikhala ndi bere miyezi isanu, ndipo ana aakazi akula caka cisanathe. Cotero nkwabwino kusinthana zamphongo ndi mudzi wina caka ciri conse.

3. Wofuna kuyesa Dorper apatule zazikazi zocepa zokha, zinazo zikhale ndi yamphongo ya makolo.

4. M'dzinja mbusa asatulutse nkhosa mame asanaume, ndipo apewe madambo, cifukwa ana a njoka akwera pa udzu wonyowa.

5. Kawiri pa mwezi mwini atsegule cikope ca nkhosa iri yonse. Cikakhala cofiira m'kati, magazi alipo. Cikayera, kapena pansi pa cibwano pakatupa, nkhosayo imwetsedwe mankhwala monga mwa uphungu wa mlangizi wa ziweto. Imene idwala kawirikawiri isasungidwe ya mbeu.

6. Khola likhale la m'mwamba, kuti ndowe zigwe pansi ndi kutengedwa kumunda. Mapesi a cimanga ndi zotsala za nshawa zisatenthedwe, koma ziikidwe pa thandala kudikira mwezi wa October.

Nchito zimenezi sizifuna ndalama zambiri, koma zifuna kumvana, cifukwa nkhosa za mudzi umodzi zidyera pamodzi, ndipo yamphongo ya munthu mmodzi ikwera za onse. Anyakwawa asonkhanitse anthu ao mvula isanagwe, ndipo apangane za zamphongo zoti zitsale m'gulu.