Azakhali: Pisitolo Yanga Ikungotsamwa

Zakhali,

Ndinakhazikika ku Johannesburg ndipo ndili ndi laisensi ya pisitolo ya 9mm yochitira masewera owombera chandamale. Zipolopolo za m'sitolo n'zodula, ndiye mlamu wanga amatola zigoba zotha ntchito, n'kuikamo wonga ndi mitu yatsopano m'galaja mwake, nandigulitsa motchipa. Koma mfuti ikungotsamwa. Pena chigoba chimakakamira pakhomo, pena ndikakhethemula imangoti kha! osalira. Anzanga akundiseka. Alamu akuti mfutiyi ndi yakutha, mayi akunyumba akuti pali dzanja la munthu. Ndiigulitse?

Wamanyazi, Johannesburg

Mwana wa achimwene,

Mkazi wako wanena zoona, dzanja la munthu lilipodi. Ndi la mchimwene wake. Usataye ndalama kwa asing'anga.

Wandituma kuti ndiweruze mfuti yosalakwa. Pisitolo yotereyi imadzigwirira yokha ntchito ndi mphamvu ya chipolopolo chimene chaphulika. Mphamvu imeneyo ndiyo imakankhira slide, chitsulo chapamwamba pa pisitolo, m'mbuyo, kulavula chigoba, kenaka sipuling'i n'kubweza slide itatola chipolopolo china m'magazini. Alamu akaumira wonga, slide siifika kumapeto, ndipo chigoba chimatsala chitaima pakhomo. Mfuti yang'oma yozungulira ija, revolver, siidalira mphamvu imeneyi. Yakoyi siikhululuka.

Mlandu uthe Loweruka lomwe lino. Tsuka mfuti, udzoze mafuta, ugule bokosi limodzi la zipolopolo 50 zakufakitale. Inde, tulutsa ndalamayo, sufa. Uwombere utalimbitsa dzanja, chifukwa dzanja lolobodoka nalo limatsamwitsa pisitolo. Zikatuluka zonse bwinobwino, mfuti yawina mlandu. Ikatsamwabe, yesa magazini ina, ndipo zikakanika upite nayo kwa mmisiri wa mfuti wovomerezeka, osati kwa alamu.

Zam'galajazo zimalakwika m'njira zambiri. Chigoba chikaphulika chimafufuma, ndipo chikapanda kufinyidwa bwino kuti chibwerere mumsinkhu wake, chimakana kulowa. Mutu ukatsala panja kwambiri, vuto lomwelo: chipolopolo chonse cha 9mm Luger sichiyenera kupitirira mamilimita 29.69 m'litali. Primer, kabatani kakumbuyo koyatsa wonga kaja, ikapanda kukhazikika mpaka pansi, mfuti ikaimenya imangoikankhira m'kati osaphulika. Ndiye kha! wakoyo. Palinso vuto la kutolatola. Pansi pamalo owomberapo pamagwa zigoba za aliyense, ndipo cha .380 ACP, cha mamilimita 17, chimafanana zedi ndi cha 9mm cha mamilimita 19. Munthu wopakira zipolopolo diso lina lili pa mpira wa Kaizer Chiefs sangazisiyanitse. Odziwa ntchitoyi amayesa chilichonse m'kachitsulo koyezera, kapena amachotsa mpope wa mfuti n'kuponyamo chipolopolo: chilowe chokha, ndipo akazondotsa mpope chigwe chokha.

Tsopano khala pansi, apa ndasiya nthabwala. Kutsamwa kumangokuchititsa manyazi. Chimene chingakudule zala ndi kaphokoso kakang'ono. Tsiku lina udzakhethemula, m'malo mwa phuu! udzamva kuti pho, mfuti osagwedeza dzanja. Owombera amati squib. Ndiye kuti m'chigobamo munalibe wonga, kapena unali wochepetsetsa, ndipo primer yokha yakankha mutu n'kuusiya pakati pa mpope. Apo chizolowezi chomenya magazini, kukoka slide n'kuwomberanso mwachangu kuti anzako asaseke, ndicho chimaphulitsa mfuti m'manja, chifukwa chipolopolo chachiwiri chimakagunda chinzake m'njira. Ukamva pho, ima. Chotsa magazini, tsegula, onetsetsa kuti mulibe kanthu, uitane woyang'anira malowo, muone mpope ndi kandodo. Usasuzumire kukamwa kwa mfuti, nkhope yako ndi yachikoka koma ilibe sipeya. Ikangoti kha! basi, ilozetsebe ku chandamale, uwerenge masekondi 30 usanatsegule, poti china chimaphulika mochedwa.

Ndipo dzanja limene limaiwala kuthira wonga m'chigoba chimodzi lingathe kuthira kawiri m'chinzake. Chimenecho sichichenjeza. Chipolopolo chopakira munthu wina chili ngati kachasu wothiridwa m'botolo lakufakitale: kunja chizindikiro chokongola, za m'kati akudziwa ndi wotcheza, mwinanso naye waiwala. N'chifukwa chake makampani ngati Glock amalemba m'mabuku a mfuti zawo kuti musagwiritse ntchito zipolopolo zopakiranso, ndipo mfuti ikawonongeka nazo usayembekezere kuti akulipira.

Palinso boma. Lamulo la ku South Africa, Firearms Control Act la chaka cha 2000, limalola mwini laisensi kudzipakira zipolopolo za mfuti yake. Kupangira anthu ena n'kumawagulitsa ndi ntchito yofuna laisensi ya opanga. Alamu ali nayo? Ndikukumva uli chete. Iwe mlendo m'dziko la eni, wavutikira mapepala zaka zonsezi, ukawataye chifukwa cha marandi ochepa?

Sindikunyoza luso lopakira. Ambiri ochita masewerawa amadzipakira okha ndipo zawo zimalira bwino, chifukwa amatsata buku la miyeso la kampani yopanga wongawo, ali ndi sikelo, amasuzumira m'chigoba chilichonse asanaike mutu, ndipo foni amaisiya kuchipinda. Ngati mtima uli pomwepo, pempha wodziwa wa kukalabu kwanu akuphunzitse. Koma iwe amene unkawerengera mbuzi za agogo ako n'kupeza nambala yosiyana tsiku lililonse, uyambe wadzifunsa.

Zotsalazo usaziwombere kuti zithe, usazitaye m'bini, usapatse mnzako. Zibwerere kwa mwini wake akazimasule. Koma uyambe wauza mkazi wako, modekha, atakhuta, chifukwa amene ukukamubwezera katunduyo anayamwa naye bere limodzi. Ndalama zako usazitchule n'komwe. Zinapita.

Azakhali